CHENJEZO KWA ONSE: Tisitima Takale ta ku Ulaya Si Zidole Wamba

Chenjezoli likupita kwa abale athu okhala ku Britain, ku South Africa ndi kwina kulikonse kumene tisitima takale timagulitsidwa pamisika ya zinthu zakale. Kwa inu kumudzi amene mumalandira katundu wa m'makontena. Kwa okonza mawailesi ndi amagetsi amene anthu angakutulireni tizipangizoti kuti muwakonzere. Komanso kwa makolo onse.

Ngati m'nyumba mwanu mwalowa kamutu ka sitima kolemera m'manja, kokhala ndi timabogi take, tinjanji take ndi kabokosi ka magetsi, imani kaye. Zinthu zitatu zimene manja amathamangira kuchita katoni ikangotsegulidwa ndi zomwezo zimene zimavulaza anthu:

1. Musalumikize kabokosi kake ku magetsi a m'nyumba.
2. Musapatse mwana kuti aseweretse.
3. Musatsuke, musapale ndiponso musapente kasitimako musanadziwe kuti n'kopangidwa ndi chiyani.

Nkhaniyi yakula masiku ano chifukwa anyamata a ku Britain amene makolo awo ankawagulira tisitimati pa Khirisimasi m'zaka za m'ma 1950 tsopano ndi nkhalamba. Ena atisiya, ena akusamukira kunyumba zosamalira okalamba. Ana awo akamayeretsa m'madenga ndi m'magalaja amatsitsa makatoni amene akhala osatsegulidwa kwa zaka 40 kapena 50, n'kukawatula ku car boot sale, kumasitolo a mabungwe othandiza ovutika, pa eBay ndi pa Facebook. Ena mwa ife amene timasamalira agogowa timapatsidwa ngati mphatso yothokozera. Kenaka katoni ija imalowa m'kontena pamodzi ndi nsapato ndi mapoto, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Chipata.

Ine ndemwe ndinalawapo. Ndinagula katoni yotereyi Lamlungu lina pamsika wa m'bwalo la mpira, pa mapaundi ochepa chabe. Nditafika kunyumba sindinavule n'komwe jekete. Ndinayala tinjanji pansi, n'kulowetsa pulagi pakhoma. Kasitima kanazungulira kawiri, mtima wanga n'kukhala m'malo. Nditagwira bokosi lake lachitsulo la magetsi kuti ndiwonjezere liwiro, dzanja linanjenjemera mpaka m'phewa, magetsi a nyumba yonse n'kuzima. Mnzanga wamagetsi atalitsegula tinapeza labala wokuta mawaya atauma, akungoyoyoka ngati makoko a mtedza, waya wamoto atatsamira chitsulo cha bokosilo. Chinandipulumutsa ndi chipangizo chodula chokha magetsi chimene chinali m'nyumbamo. Mwana wanga wa zaka 4 anali atakhala pansi pomwepo, akudikira kuti ndimusiyire.

ZIDZIWENI KAYE ZIMENE MWAGWIRA

Tembenuzani kasitimako muwerenge dzina lili kumimba kwake. Mukaona Hornby, dziwani kuti kampani ya Meccano ya Frank Hornby, imene fakitale yake inali ku Binns Road mumzinda wa Liverpool, inayamba mu 1920 kupanga tisitima tamalata topukusa ndi kiyi ngati wotchi. Tating'ono tachitsulo totchedwa Hornby Dublo tinatuluka mu 1938 ndipo tinapangidwa mpaka mu 1964, chaka chimene kampaniyo inagulidwa ndi Lines Brothers, eni ake a tisitima ta Tri-ang ta ku Margate. Mayina ena a ku Britain ndi Wrenn, Trix ndi Bassett-Lowke. Märklin ndi ya ku Göppingen m'dziko la Germany, ndipo inakhazikitsidwa mu 1859. Lionel inayambira ku New York mu 1900. Abale a ku Johannesburg ndi ku Cape Town mudzakumana kwambiri ndi Lima, kampani ya ku Vicenza m'dziko la Italy, imene inkapanga tisitima tofanizira sitima za South African Railways, kuphatikizapo Blue Train.

Kenaka yezani mpata wa pakati pa tinjanji. Mamilimita 32 ndi saizi yotchedwa O. Mamilimita 16.5 ndi OO ya ku Britain, imene imachepetsa sitima yeniyeni ka 76, kapena HO ya mayiko ena, imene imachepetsa ka 87. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Tisitima ta makampani osiyana timakwana panjanji imodzi, koma magetsi amene timafuna ndi osiyana.

MAGETSI: APA PALI IMFA

Choopsa kwambiri m'katonimo si kasitima ayi, ndi thiransifoma yake, kabokosi ka magetsi kaja. Ntchito yake ndi kutsitsa magetsi a pakhoma kuti afike pa mavolti 12 mpaka 20, amene savulaza munthu. Koma thiransifoma ya m'ma 1950 kapena 1960 ili ndi nthambo yokutidwa ndi labala kapena nsalu, ndipo zinthu zimenezi zimafumbwa ndi zaka. Zambiri zili m'mabokosi achitsulo, zina zilibe waya wa ethi. Kunja imaoneka yabwinobwino, penti wake akuwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo poti ku Malawi ndi ku Zambia timagwiritsa ntchito mavolti 230 ndi pulagi ya mano atatu ngati ku Britain, palibe chimene chingamuimitse munthu. Pulagi imangolowa bwinobwino, ngakhale m'nyumba yopanda chipangizo chodula chokha magetsi, ya simenti pansi, ana akuyenda opanda nsapato.

Tilipo tisitima tina takale kwambiri timene tinalibiretu thiransifoma. Kasitima koyamba ka magetsi ka Hornby, ka mu 1925, kofanizira sitima ya Metropolitan Railway ya ku London, kankatenga magetsi a m'nyumba kudzera mu babu ndi kachipangizo kochepetsera liwiro. Makampani a ku Germany nawonso ankapanga totere pa nthawiyo. Kasitimako kakamayenda, babu lija limadya mphamvu yambiri. Kakangogwa panjanji, mphamvu yonse ya pakhoma imakhala pa tinjanji tosakutidwa tija, pomwe dzanja likupita kukakadzutsa. Mukapeza m'katoni bokosi lokhala ndi malo omangirapo babu, limenelo ndi longoonera basi. Lisayandikire soketi mpaka kalekale.

Mathiransifoma a ku America, monga a Lionel, anapangidwira mavolti 110 mpaka 120. Mukangosintha pulagi n'kulowetsa pa 230, amatentha, amafuka ndipo atha kuyatsa nyumba.

Pali msampha winanso umene umakola ngakhale anthu odziwa. Thiransifoma imagwira ntchito uku ndi uku: ukaipatsa 230 kutsogolo imatulutsa 16 kumbuyo, ndipo ukaipatsa 16 kumbuyo imatulutsa 230 kutsogolo. Ndiye munthu akalumikiza mathiransifoma awiri a AC panjanji imodzi, n'kuzula pulagi ya imodzi inzake ikadali pakhoma, mano a pulagi ili m'manja mwakeyo amakhala ndi magetsi okwanira kupha. Musaphatikize mawaya otuluka m'mathiransifoma awiri.

Inu okonza mawailesi, samalani potsegula. M'zipangizo zina zakale zochepetsera liwiro, waya wotentha anamukulunga pa asibesitosi, chinthu chimene Britain inaletseratu mu 1999 ndipo South Africa mu 2008. Mukaona kachidutswa kotuwa konga katoni kapena ubweya, musakapale, musakauzire ndi pakamwa. Fumbi lake likalowa m'mapapo litha kudzabala khansa patapita zaka 20 kapena kuposa. Zipangizo zina zili ndi timbale ta seleniyamu tosinthira AC kukhala DC. Timeneti tikapsa timanunkha ngati adyo wowola, ndipo utsi wake ndi woipa. Mukamva fungolo zimitsani pakhoma, tsegulani mawindo, tulukani.

Magetsi olakwika amaphanso kasitima kamene. Hornby Dublo, Tri-ang ndi Lima zimayendera DC ya mavolti 12. Märklin ya saizi ya HO imayendera AC yofika mavolti 16, ndipo kuti ibwerere m'mbuyo thiransifoma yake imaponya kamphindi pafupifupi mavolti 24. Mota ya DC ikalandira AC siyenda, imangolira n'kupsa. Chimodzimodzinso kasitima kakale kakaimikidwa panjanji zamakono za DCC, zimene zimakhala ndi magetsi nthawi zonse ngakhale palibe chikuyenda: kamalira ngati udzudzu uku mota ikuwiritsidwa.

Chochita n'chosavuta. Gulani chipangizo chatsopano chogwirizana ndi mtundu wa kasitima kanu. Chakalecho chidulireni nthambo kuti wina asadzachilumikize, muchisunge ngati chokongoletsa, kapena mukachisiye kumalo otayira zipangizo za magetsi. Ngati simufuna kusiyana nacho, chipite kaye kwa wamagetsi wodziwa ntchito yake kuti akasinthe nthambo, akaike ethi ndi fyuzi yoyenera, akachiyeze. Mukamaliza kuseweretsa, kapena magetsi akazima, zulani pulagi. Magetsi sagogoda akamabwerera.

MWANA NDI MTOVU

Kwathu mwana amadzipangira yekha galimoto ya mawaya, ndiye tikaona kasitima kokongola chonchi mtima umangoti aka n'ka mwana. Zoonadi, kanapangidwira ana, koma ana a nthawi imene malamulo a zidole anali asanakhwime. Dziko la America linaletsa penti wa mtovu pa zidole mu 1978. Tisitima tambiri timene tikunena pano ndi takale kuposa pamenepo, ndipo ndi maso simungasiyanitse penti wa mtovu ndi wopanda mtovu. M'kati mwa timitu tina muli mtovu weniweni woti kasitima kalemere, matayala azigwira bwino njanji. Tianthu, tinyama ndi timitengo takale tokongoletsera pasiteshoni nthawi zambiri ndi ta mtovu.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana wamng'ono amaika chilichonse mkamwa, ndipo thupi lake limayamwa mtovu kwambiri kuposa la munthu wamkulu. Choipa chake n'chakuti sagwa pansi tsiku lomwelo kuti mudzidzimuke. Amangoyamba kudandaula m'mimba, kudzimbidwa, kuchepa magazi, kunyanyuka msanga, kenaka kutsalira m'kalasi, inu n'kumati ndi ulesi. Ena saonetsa chizindikiro chilichonse, koma ubongo ukuwonongeka, ndipo ukawonongeka subwerera. Mayi woyembekezera amapatsira mtovu mwana ali m'mimba.

Choopsa china ndi maginito. Okonza tisitima masiku ano amachotsa maginito akale ofooka n'kuika timaginito tamphamvu ta neodymium, tina tochepa ngati njere ya chimanga. Mwana akameza tiwiri, timakokana ngakhale tili m'mbali zosiyana za matumbo, n'kupana matumbowo mpaka kubooka. Timasikuluwu, timatayala ndi timababu timatsamwitsa. Malata akale amacheka ngati lezala, ndipo ali ndi dzimbiri. Sipuling'i ya kasitima kopukusa ndi kiyi ndi lamba wachitsulo wokulungidwa mwamphamvu. Mukatsegula mosadziwa imafwamphuka n'kung'amba chala kapena diso.

N'chifukwa chake ngakhale tisitima tambiri tatsopano ta osonkhanitsa timalembedwa pabokosi kuti si toyenera ana osakwana zaka 14. Mwana aonere muli pomwepo. Akakhudza asambe m'manja ndi sopo asanadye, inunso chimodzimodzi.

KUPALA, KUPENTA NDI KUWOTCHERERA

Ndikudziwa chimene chimatikoka. Munthu uli kutali, wasowa kwanu, ukufuna kamutu kaja kafanane ndi sitima imene unkakwera kuchokera ku Limbe kupita ku Balaka, kapena mutu wa malasha uja unauona pa Chichiri Museum uli pasukulu. Palibe cholakwa. Koma dziwani kuti njanji zathu ndi za mamilimita 1,067, zopapatiza kuposa za ku Britain, ndipo amisiri ofanizira sitima za kuno kum'mwera kwa Africa ena amachepetsa ka 64 kuti zigwirizane ndi tinjanji ta mamilimita 16.5. Ndiye kupaka Hornby Dublo mitundu ya kwathu sikuisandutsa sitima ya kwathu. Mwangowononga chinthu chakale. Ngati manja akuyabwa, gulani kamutu kapulasitiki kotchipa kopezeka paliponse, muphunzirire pamenepo.

Penti wakale musamupale ndi sandipepa wouma, musamupukute ndi makina ndipo musamuwotche. Fumbi lake ndi utsi wake ndi njira yachidule yolowetsera mtovu m'mapapo mwanu, ndipo lotsalalo limagwera pansi pamene mwana akukwawa.

Mankhwala amene anthu amalangizana nawonso ali ndi mano. Soda wa kositiki, yemwe uja amapangira sopo, amachotsadi penti, koma kadontho kamodzi kakagwera m'diso katha kulipha. Amadyanso zinki ndi aluminiyamu n'kutulutsa mpweya wa haidirojeni, umene umayaka. Mafuta a mabuleki amayerula penti koma amaumitsa mapulasitiki ena mpaka kusweka ngati bisiketi, komanso ndi poizoni akamwedwa. Thinazi wa penti wa galimoto amasungunula thupi lapulasitiki pakanthawi kochepa, ndipo fungo lake m'chipinda chotseka limazunguza mutu. Valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi, gwirirani ntchito panja kapena pawindo lotsegula, kutali ndi mbaula ndi kandulo. Chonde mankhwalawa musawathire m'botolo la zakumwa. Musagwiritse ntchito mbale, poto kapena beseni la kukhitchini.

Powotcherera, waya wakale uja okonza mawailesi amaukonda, wolembedwa 60/40, uli ndi magawo 40 a mtovu pa 100 alionse. Utsi wa utomoni wake umayambitsa mphumu kwa amene amaupuma kawirikawiri. Ulipo wina wosungunuka pa madigiri 70 okha, wolumikizira ziwalo za tisitima tomanga wekha. Wina wa mtundu umenewu uli ndi kadimiyamu, ndipo ukatenthedwa mopyola muyezo utsi wake umawononga mapapo ndi impso. Pamalo ogwirira ntchitoyi musadyerepo, musamwerepo tiyi, musasutirepo.

Zilipo zolakwa zina zimene sizivulaza thupi koma zimapha kasitima. Ena amathira timipira ta mtovu m'mimba mwa kamutu n'kumata ndi guluu woyera wa matabwa, wa PVA. Ziwirizi zimadyana pang'onopang'ono, mtovu umafufuma, patapita zaka thupi la kasitima limang'ambika kuchokera m'kati. Ena amazula maginito a Hornby Dublo kuti atsuke bwino, osadziwa kuti maginito akalewo akangochotsedwa m'malo mwake amafooka. Akafooka, mota imakoka magetsi ambiri, imatentha, n'kupsa. Amene mukufuna kuika kachipangizo ka DCC, kumbukirani kuti m'tisitima tambiri takale magetsi amabwerera kudzera m'chitsulo cha thupi lenilenilo. Mukapanda kulekanitsa mota ndi chitsulocho, kachipangizo kanu kodula kadzafuka musanaphethire. Mafuta ophikira ndi oilo wa galimoto asayandikire magiya; kadontho kamodzi ka mafuta opepuka osadya pulasitiki, kotengedwa pansonga ya singano, n'kokwanira. Sitiliwulu wotsukira mapoto musapukutire tinjanji, chifukwa tizidutswa take timakokedwa ndi maginito n'kukalowa mu mota. Ndipo kasitima kakakana kuyenda musakakankhe ndi dzanja kapena kuwonjezera magetsi: nthawi zambiri ndi mafuta akale amene anauma ngati phula.

TOYENDERA MOTO WENIWENI

Tisitima tina, monga ta Bassett-Lowke, Bowman ndi Mamod, timayendera nthunzi. Tili ndi kathanki ka madzi ndi kambaula kunsi kwake. Takale timayatsidwa ndi sipiriti, ndipo moto wa sipiriti suoneka masana. Munthu amayesa wazima, n'kupendeketsa botolo kuti awonjezere, moto n'kukwera m'botolomo. Kampani ya Mamod inasiya timbaula ta sipiriti m'zaka za m'ma 1970 n'kuyamba kugwiritsa ntchito timibulu toyaka, koma timbaula takale tikadali m'makatoni.

Musawonjezere sipiriti kambaula kakadali kotentha. Botolo litsekedwe, likhale patali musanakhwatche machesi. Petulo ndi parafini asalowemo. Musayatse pamkeka, pakapeti kapena pafupi ndi makatani, chifukwa kasitima kakagubuduka sipiriti woyaka amayenderera pansi ngati madzi. Pambali panu pakhale thaulo lonyowa. Kathanki kasaume moto ukuyaka, chifukwa zowotcherera zake zimasungunuka. Pamwamba pake pali kavavu kotulutsa nthunzi ikachuluka. Kakagwira dzimbiri kapena wina akakamanga kuti sitima ithamange, mwasandutsa kathankiko bomba la madzi owira. Kathanki ka mkuwa kooneka ndi mawanga ofiirira kapena oyera kadyeka, kasayatsidwenso kasanayezedwe ndi wodziwa. Sipiriti ameneyu asungidwe kutali ndi ana ndi anthu okonda bibida, chifukwa akamwedwa amachititsa khungu ndiponso amapha.

MATENDA A CHITSULO OPANDA MANKHWALA

Matayala, mafelemu ndi matupi a tisitima tambiri anaumbidwa ndi chitsulo cha zinki chosakaniza ndi aluminiyamu, maginiziyamu ndi kopa, chimene ku America amati Zamak ndipo ku Britain amati Mazak. Ngati pousungunula msanganizowu munalowa kamtovu ngakhale pang'ono pokha, chitsulocho chimayamba kudyeka m'kati. Chimafufuma, chimapindika, chimachita ming'alu ngati dambo louma mu Okutobala, mapeto ake chimanyenyeka m'manja. Osonkhanitsa amati zinc pest kapena mazak rot. Matendawa amagwira kwambiri zopangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe ndi zaka zotsatira, koma anaonekanso pa tisitima tina ta m'zaka za m'ma 2000. Sapatsirana, koma alibe mankhwala. Guluu amangobisa, penti amangophimba.

Chinyezi ndi kusinthasintha kwa kutentha zimawafulumizitsa. Denga la ku Britain, shedi ya kuseri kwa nyumba, kontena yoyenda milungu ingapo panyanja, chipinda chodontha m'nyengo ya dzinja, onsewa ndi malo oipa. Sungani pouma, posafika dzuwa, mutakulunga m'pepala lofewa lopanda inki. Siponji ya m'mabokosi akale imawola n'kumatirira pa penti, ndiye ichotseni. Pogula, yang'anitsitsani matayala ndi kunsi. Timabogi toyambirira ta Tri-ang, ta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, tinapangidwa ndi pulasitiki yopindika ikamakalamba, mpaka osonkhanitsa amatiyerekeza ndi nthochi. Musayese kutiwongola ndi madzi otentha kapena moto.

NDALAMA ZANU

Kwathu chinthu chopentedwa chatsopano chimakwera mtengo. Kwa osonkhanitsa tisitima n'zotembenuka. Kamutu kokhala ndi penti wake wa kufakitale, ngakhale kali ndi timikwingwirima, kali ndi mtengo kuposa kopentedwanso mwaluso. Bokosi lake lenileni, kapepala ka malangizo ndi kiyi wake zimawonjezera mtengo kwambiri, ndiye musayatsire moto katoni yong'ambikayo. Musanachite chilichonse, jambulani kasitimako mbali zonse, mufunse. Ku Britain kuli Hornby Railway Collectors' Association, imene inayamba mu 1969, ku America kuli Train Collectors Association ya mu 1954, ndipo makampani a okushoni monga Vectis amasindikiza mitengo imene katundu anagulidwira. Safunsa anadya phula.

Komanso musadzinamize kuti chakale chilichonse ndi chuma. Tisitima tambiri ta Tri-ang ndi Lima tinapangidwa tochuluka zedi ndipo timagulidwa motchipa. Amene akukuuzani kuti muikemo ndalama za fizi kapena za malata a nyumba poti mtengo udzakwera, si mnansi wanu.

Akathyali nawonso ali tcheru. Amapenta kasitima wamba mitundu ya kasitima kosowa. Amaika thupi la kena pa matayala a kena. Amasindikiza mabokosi atsopano n'kuwadetsa kuti aoneke akale. Amaba zithunzi za katundu wa eni ake n'kuika pa Facebook, mtengo wogwetsa, n'kumakufulumizitsani kuti pali wina akufunanso. Pemphani chithunzi chatsopano cha kunsi kwa kasitima, pambali pake pali kapepala kolembedwa dzina lanu ndi tsiku. Pemphani kanema kakuyenda. Musatumize ndalama mwa njira imene simungathe kuzibweza. Mawu oti "sikanayesedwe" muziwamva ngati "n'kakufa". Inunso pogulitsa nenani zoona: ngati munapenta, munasintha mota kapena munamata mng'alu, ululani. Ndipo thiransifoma imene inu mukuiopa musamugulitse mnzanu, musaiponyenso m'kontena yopita kumudzi.

NGOZI IKACHITIKA

Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukhudze. Zimitsani pa meni switchi kapena zulani pulagi. Zikakanika, mukankheni ndi mtengo wouma. Apite kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, chifukwa magetsi amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Akapsa ndi moto kapena nthunzi, thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta asapakidwepo.

Mankhwala akagwera m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20, kenaka thamangirani kuchipatala mutanyamula botolo lake.

Mwana akameza maginito, kabatire kapena mankhwala, musamusanzitse ndipo musadikire kuti ayambe kumva ululu. Pitani nthawi yomweyo, mukanene chimene wameza.

Ngati mwana wakhala akuluma kapena kunyambita kasitima kakale, kauzeni adokotala ndipo mufunse za kuyeza mtovu m'magazi.

Ku Britain imbani 999 pa ngozi yaikulu, 111 pofuna malangizo. Ku South Africa imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Sindikunena kuti mutaye tisitimati. Kanga kaja kakadalipo. Kamayenda pathebulo lalitali, ndi chipangizo chatsopano, penti wake wakale ali momwemo ndi mikwingwirima yake, ndipo mwana uja amakaonera ataima pambali panga, akamaliza n'kukasamba m'manja. Bokosi lachitsulo lija lili pashelefu, nthambo ndinadula. Kasitima kamene kadikira zaka 60 m'katoni sikangalephere kudikira sabata imodzi kuti mufunse odziwa.

Tumizani chenjezoli m'magulu a WhatsApp a abale, a mpingo ndi a kuntchito. Ngati munatumizapo kale katoni yotere kumudzi, imbani foni lero lomwe, muwauze achotse kabokosi ka magetsi pamene ana angafike.